Alamu anga akukana kuti tiphunzire thandizo loyamba

Aphungu,

Ndimawerenga malangizo anu nthawi zonse, ndipo nthawi zina ndimaseka ndekha poona zimene anzanga amakulemberani. Lero ndabwera ndi vuto langa. Si la chibwenzi kapena la mwamuna wosagona pakhomo. Ndi la kuntchito, koma lalowa mpaka m'nyumba mwanga.

Ndimagwira ntchito pa bekale ya alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Ndinene poyambirira kuti mayi amenewa ndi munthu wabwino, chifukwa zimene ndilembe m'munsimu zingakupangitseni kuganiza zina. Amuna anga atachotsedwa ntchito, ine ndili ndi khanda kumsana, ndi iwowa anabwera kunyumba n'kundiuza kuti, "Alamu, mawa mulawirire, epuloni mukaipeza komweko. Mwanayo azigona mu ofesi mwanga." Ndipo ankagonadi momwemo, pa bulangeti, pafupi ndi tebulo lawo. Akalira ankamunyamula okha uku akuyankha foni. Lero mwanayo ali pa sukulu, ndipo ine ntchito yanga ndi yotsuka zitini ndi kulongedza buledi m'mapepala.

Pa bekalepo pali bambo wina wachikulire amene tonse timawatcha a Yisiti. Dzinali linabwera chifukwa cha mimba yawo, imene eni ake amati imafufuma yokha akangoyandikira uvuni. Ndiwo amakanda ufa. Anayamba ntchito bekaleyo ili kachipinda kamodzi, malemu amuna awo a alamu anga akadali moyo, ndipo alamu anga amawaitana kuti "bambo". Ine anandiphunzitsa ntchito osandikalipira n'kamodzi komwe. Ndikapsereza mabanzi ankatola limodzi, n'kuluma, n'kunena kuti, "Mwananga, awa tawaphikira a mano olimba, nawonso ndi makasitomala."

Mwezi wathawu, dzuwa litakwera, tinkakonza buledi wa masana. Makina athu okandira ufa ali ndi mbale yaikulu, ndipo m'kati mwake mumazungulira chitsulo chopindika. Kale anali ndi chivundikiro cha waya, koma chinathyoka, chinachotsedwa, ndipo tonse tinazolowera. A Yisiti anapisa dzanja kuti apalire ufa umene unamatirira m'mbali, monga ankachitira masiku onse. Ine ndinali nditawafulatira. Sanakuwe. Ndinangomva makina asintha kaliridwe, kenaka mawu awo otsika akuti, "Zimitsani."

A dalaivala athu, amene ankakweza buledi m'galimoto pakhomo, ndiwo anathamanga kukazimitsa. Titatulutsa dzanjalo, Aphungu, sindifuna kukufotokozerani mmene linkaonekera. Magazi ankatuluka ngati mpopi wokana kutseka. Tinalipo ambiri ndithu, tonse akuluakulu olera ana kunyumba, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chochita. Aliyense anachita chimene mtima wake unamuuza. Mnzanga wa pa kauntala anatapa fulawa n'kuthira pabalapo, akuti aumitse magazi. Wina anati ayi, mchere ndiye wabwino. A dalaivala anamanga mkonowo ndi chingwe cha thumba, kenaka mantha atawagwira anamasulanso. Ine ndinakumbukira bokosi loyera la thandizo loyamba limene lili pakhoma mu ofesi. Ofesiyo inali yokiya, chifukwa alamu anga anali atapita kokaoda katundu, makiyi ali m'chikwama. Tinathyola chitseko. M'bokosimo tinapezamo kandulo, machesi, lumo ndi kapulasitala kouma kosatha kumata ngakhale pa chala cha chidole.

Ndinabwerera ndi nsanza yopukutira zitini, chifukwa ndi imene inali pafupi. Ndinakhala pansi, mutu wawo uli pamiyendo panga, n'kukulunga dzanjalo. Koma mtima sunkandilola. Ndinkangotsegulatsegula kuti ndione ngati magazi aleka, ndipo ndikatsegula ankayambiranso. Nkhope yawo inayamba kutuwa, thukuta lozizira lili pamphumi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwananga, usalire, udonthezera misozi mu ufa wa eni ake." Atatero anakomoka. Tinawawaza madzi kumaso, wina n'kumayesa kuwamwetsa. Pomaliza tinawanyamula n'kuwagoneka kumbuyo kwa galimoto, pakati pa makireti a buledi wotentha.

Kuchipatala anawadula zala ziwiri. Anawaonjezera magazi, ndipo bala linavuta kutsuka chifukwa cha fulawa uja. Namwino amene anatilandira sanatinyoze. Anangondifunsa kuti, "Kuntchito kwanuko palibe amene anaphunzira thandizo loyamba?" Nditapukusa mutu anati, "Mukanangopanikiza ndi nsalu yoyera osatsegula, magazi ochuluka chonchi sakanatayika. Koma mwawafikitsa, mayi. Khalani pansi mupume." Mawu amenewo sakuchoka m'mutu mwanga. Kungopanikiza basi.

Alamu anga atamva anafika kuchipatalako akuthamanga, katundu yense atamusiya kwa eni sitolo. Za kuchipatala zonse analipira ndiwo. Tsiku lililonse ankapita ndi chakudya n'kumawadyetsa okha ndi supuni, a Yisiti akuseka kuti, "Abwana, lamanzereli likadalipo." Malipiro awo sanawadule. Ndiye mukuona kuti si munthu wouma mtima.

Sabata yatha ndinalimba mtima. Tili awiriwiri mu ofesi ndinati, "Alamu, bwanji titaitana anthu ophunzitsa thandizo loyamba, adzatiphunzitseko? Bokosi lija tilidzaze, lichoke muno lipite kumene kuli makina." Nkhope yawo inasintha nthawi yomweyo. Anati, "Mukufuna kundiuza kuti ndine ndawadula zala bambo aja?" Ndinati ayi, si choncho. Anati, "Zaka zonsezi bekale ino sinaonepo magazi. Ngozi imagwa ikafuna. Tikayamba kumakamba za mabala ndiye kuti tikuitana ena. Nanga tsiku lophunziralo buledi aphika ndani?" Ndinangotuluka. Nthawi yoweruka, ndikukasiya zitini, ndinawapeza ataima okha m'chipinda chosungira fulawa, atatsamira matumba, akulira osatulutsa mawu. Ndinabwerera cham'mbuyo, sanandione. Chichitikireni ngoziyo sanapondemo m'chipinda cha makina.

Makinawo akugwirabe ntchito, opanda chivundikiro. Amene akukanda ufa panopa ndi bambo wina amene anali wa pa uvuni, ndipo akazi awo ndi oyembekezera. Ine ndikamva makina asintha kaliridwe pang'ono pokha, miyendo imandizizira.

Anzanga akuti, "Iwe ndiwe wa m'banjamo, lankhula. Ukalephera, ife tipita ku ofesi ya zantchito." Ena ayamba kale kusiya nkhani ndikalowa, ngati ndine khutu la abwana. Amuna anga nawo akuti, "Achemwali anatitola tili pansi. Ukawaitanira a boma n'kuwatsekera bekale, tidzayang'anana bwanji? Nanga anthu onsewo akadya chiyani?" Sindikuwatsutsa, chifukwa nanenso ndimaziganiza.

A Yisiti anatuluka m'chipatala ndipo akufunitsitsa kubwerera kuntchito. Nditapita kukawaona ndinawatchulira za chipukuta misozi chimene anzanga amanena. Anati, "Ndikasumire mwana amene amandidyetsa ndi supuni? Ayi, zimenezo zisiyeni." Ndinawauza kuti ndimadziimba mlandu chifukwa cha nsanza ija. Anati, "Manja ako ankanjenjemera, koma sanandisiye. Ine ndikukumbukira zimenezo." Pondiperekeza, akazi awo anandigwira mkono pa geti n'kunena motsitsa mawu kuti, "Munthuyu sangakhale pakhomo, ndikumudziwa. Akabwera kumeneko mukandiyang'anire." Ndinavomera. Koma ndikawayang'anira ndi chiyani, Aphungu, ine wosadziwa kanthu?

Kodi lamulo limati chiyani? Kutiphunzitsa ndi udindo wa abwana, kapena ndi chifundo chabe chimene angathe kukana? Ndikakafunsa ku ofesi ya zantchito, ndiye kuti ndawapereka alamu anga? Ndithandizeni, chifukwa alamu anga ndi a Yisiti onse awiri ndimawakonda.

E. T., wa ku bekale


Mayi E. T.,

Yambani mwatula katundu amene si wanu. Inu simunavulaze munthu. Munachita zimene munkadziwa, ndipo zimene simunkadziwa palibe anakuphunzitsani. Wovulala mwini wake wakuuzani chimene akukumbukira, ndiye mumvereni. Kuzizira kwa miyendo kumene mukunenako kumachitikira anthu ambiri amene aona ngozi. Kukapitirira n'kumakulandani tulo, musachite manyazi kukanena kuchipatala.

Tsopano funso lanu. Ndi udindo, si chifundo. Malamulo a zantchito amasiyana m'tinthu tina malinga ndi kumene muli ndiponso kukula kwa malo a ntchito, choncho tsatanetsatane wake mukafunse kwa eni ake. Koma pa mutu wake sasemphana. Wolemba anthu ntchito ayenera kuchita zonse zotheka kuti anthuwo azibwerera kwawo amphumphu. Makina oluma akhale otchinga. Bokosi la thandizo loyamba likhale lodzaza, poonekera, pamene aliyense angalifikire osathyola chitseko. Kandulo ndi machesi n'zothandiza magetsi akazima, osati magazi akamatuluka. Pakhalenso anthu ophunzitsidwa, ndipo asakhale mmodzi yekha, chifukwa tsiku limene iye wadwala kapena wapita kokaoda katundu ndi limene ngozi imakonda. Zolipira maphunzirowo ndi za mwini ntchito. Ngozi yodula zala imayenera kukanenedwa ku ofesi ya zantchito, ndipo wovulalira pa ntchito amayenera chipukuta misozi. Kulipira chipatala ndi kudyetsa wodwala ndi supuni n'zabwino kwambiri, alamu anu ndawayamikira. Koma sizifafaniza zinazi, ndipo ubale nawonso sufafaniza.

Za alamu anu ndikugwirizana nanu kuti si ouma mtima. Munthu amene akulephera kuponda m'chipinda cha pa bekale yake yomwe ndi munthu wamantha. Za chivundikiro chija akuzidziwa kuposa inu. N'chifukwa chake inu mutati "tiphunzire", iwo anamva "mwalakwa". Ndiye ulendo wachiwiri musakalankhulire mu ofesi, mmene iwo ndi abwana inu wantchito. Pitani kwawo tsiku lopuma, mukakhale pansi ngati anthu a banja limodzi. Yambani ndi zanu. Auzeni kuti simukupeza mtendere makina aja akamalira, ndipo mukudziwa kuti nawonso sakuupeza. Zakuti munawaona akulira musazitchule. Misozi yolirira kobisala ndi ya mwini wake.

Amuna anu apite nanu, asakutumeni nokha kwa achemwali awo. Auzeni kuti kuyamika sikutseka pakamwa. Amene anakutolani muli pansi mumam'bwezera pom'chenjeza dzenje lili kutsogolo, osati pom'yang'ana akugweramo. A Yisiti nawonso apempheni apite. Mwanena nokha kuti alamu anu amawatcha bambo. Mawu amene kwa inu anamveka ngati mlandu, kwa iwo adzamveka ngati malangizo a kholo.

Musapite ndi dandaulo lokha, pitani ndi mayankho. Alamu anu anafunsa kuti buledi aphika ndani, ndipo ndi funso loona. Yambani mwafunsa kuchipatala chapafupi, kapena ku mabungwe ophunzitsa thandizo loyamba, kuti amaphunzitsa bwanji, nthawi yotalika bwanji, ndiponso ngati angabwere pa bekale pomwepo. Kenaka muwauze alamu anu kuti anthu agawidwe, ena aphunzire lero ena tsiku lina, uvuni usazime. Inu dzina lanu likhale loyamba, kuti lonjezo lanu la pa geti likhale ndi manja. Alamu anu akakabwereza zakuti kuphunzira kumaitana ngozi, muwafunse mosekerera ngati kugula ambulera kunagwetsapo mvula.

Za ku ofesi ya zantchito, kufunsa si kusuma. Safunsa anadya phula. Chabwino koposa n'chakuti alamu anu apite okha akanene za ngoziyo, ndipo akafunse zimene ayenera kukonza. Wopita yekha salandiridwa ngati wokokedwa. Sindingakulonjezeni kuti sakadzudzulidwa, mwina akapatsidwa ndi chilango chomwe. Koma bekale imene ili pafupi kwenikweni ndi kutsekedwa ndi imene yavulaza munthu wachiwiri pa makina omwewo. Muwauze zoona, kuti anzanu akufuna kupita kumeneko. Musanene moopseza, nenani ngati mlamu amene sakufuna kuti mnzake amvere kwa alendo. Anzanuwo musawaletse, ndi ufulu wawo. Auzeni tsiku limene mukalankhule ndi alamu anu, ndipo mukabwerako muwauze zimene mwamva. Mukatero adzasiya kutseka pakamwa mukalowa.

A Yisiti muwafotokozere, akazi awo ali pomwepo, kuti chipukuta misozi si kubwezera. Ndi dongosolo limene linaikidwa kuti munthu wovulalira pa ntchito asadzavutike mphamvu zikadzatha. Lero akuseka, koma dzanja limenelo adzakalamba nalo, ndipo amene adzawasamale ndi mayi amene anakugwirani mkono aja. Asunge mapepala onse a kuchipatala, asasaine kalikonse asanafunse, ndipo asazengereze, chifukwa nkhani zotere kawirikawiri zimakhala ndi nthawi yake yokanenera. Kuntchito abwerere dokotala akavomera, ayambe ndi zopepuka.

Podikira maphunzirowo gwirani izi, ndipo muuzeko anzanu. Munthu akavulala pa makina, zimitsani makinawo musanam'khudze. Magazi akamatuluka, panikizani mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osatsegula. Ikanyowa ikani ina pamwamba pake n'kupitiriza kupanikiza. M'gonekeni, m'funditseni, ndipo wina akhale akukonza kale zopita kuchipatala. Pabala musathire fulawa, mchere, dothi kapena mafuta. Wokomoka musam'mwetse kanthu. Poti ndi pa bekale, dziwaninso za moto: wopsa muikeni pamene wapsapo pa madzi ozizira oyenda kwa nthawi yaitali ndithu, osapaka dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Koma izi ndakupatsani ndi zapakamwa. Manja amaphunzira pogwira, mphunzitsi akuona, ndiye musati mwawerenga Aphungu basi mwatha.

Chenjezo langa ndi ili. Maphunziro angadikire masiku angapo, chipukuta misozi chiyenda ndi dongosolo lake, koma makina opanda chivundikiro sangadikire msonkhano wa banja. Mawa lomwe, ntchito isanayambe, gwirizanani nonse kuti palibe wopisa dzanja m'mbale ija makina akuyenda. Wofuna kupalira ayambe wazimitsa, ngakhale buledi achedwe. Ndipo alamu anu akakana kachiwiri, inu, amuna anu ndi a Yisiti mutalankhula nawo mwaulemu, pitani ku ofesi ya zantchito. Muwauze pamaso kuti mukupita, musazembe. Mwina adzakukwiyirani, mwina adzasiya kukupatsani moni kwa kanthawi, ndipo zidzakupwetekani. Pirirani. Mkwiyo wa mlamu umatha, mayi. Chala sichiphukanso.

Aphungu